Injini za Garratt: zinkayenda pa njanji ziti, ndipo omanga timasitima ayang'ane chiyani?

Chithunzi chakale cha injini ya sitima yamalasha yooneka ngati ili ndi mitu iwiri chikatulukira pa Facebook, mkangano suchedwa kubuka. Wina amati apa ndi pa Limbe, wina amati ndi ku Bulawayo, wina amachita kulumbira kuti zimphona zotere zinali ku America kokha. Chisokonezo chomwechi chimawagweranso anthu amene amakonda kumanga timasitima ting'onoting'ono tofanana ndi zenizeni, toyenda pa kanjanji koyalidwa pathebulo kapena pabwalo. Munthu amagula kainjini kokongola ndi ndalama zambiri, n'kukalemba dzina la kampani ya njanji imene sinakhalepo ndi injini yotero.

Injini ya mitu iwiriyo dzina lake ndi Garratt. Funso loti "inkayenda pa njanji ziti?" limaoneka lophweka, koma yankho lake limafuna zinthu zinayi pamodzi: kampani ya njanji, kalasi ya injiniyo, kukula kwa njanji ndi chaka. Chimodzi chikasowa, kasitima kanu kakhoza kukongola koma kakunena bodza.

Garratt ndi injini yotani?

Injini yamalasha wamba imapangidwa motere: boyila, yomwe ndi thanki yaikulu yowiritsira madzi kuti atuluke nthunzi, imagona pamwamba pa mawilo. Kumbuyo kwake kumakhala ng'anjo ndi kachipinda ka dalaivala, kenako ngolo yapadera yonyamula malasha ndi madzi. Vuto lake ndi lakuti mukafuna mphamvu zambiri muyenera kukulitsa boyila, ndipo boyila yaikulu imafuna mawilo ambiri omangidwa pa chimango chimodzi chosapindika. Chimango chachitali chotere chimakana kukhota.

Herbert William Garratt, injiniya wa ku Britain, analembetsa nzeru yake mu 1907, ndipo kampani ya Beyer, Peacock ya ku Gorton mumzinda wa Manchester ndi imene inaitenga. Iye anachotsa boyila pamwamba pa mawilo. M'malo mwake anapanga zimango ziwiri, chilichonse ndi mawilo ndi mapisitoni akeake, n'kupachika boyila pakati pake. Taganizirani machila: wonyamula mmodzi kutsogolo, wina kumbuyo, katundu akulendewera pakati. Njira ikakhota, aliyense amakhota payekha ndipo katunduyo amangotsatira. Chimango chakutsogolo chimasenza thanki ya madzi, chakumbuyo chimasenza malasha ndi madzi ena. Ngolo yapadera ija sifunikanso.

Poti pansi pa boyila palibe mawilo, ng'anjo imatha kukhala yakuya ndi yotakata, ndipo boyila imakhala yaifupi koma yonenepa, yowiritsa madzi msanga ngakhale malasha atakhala osakoma. Kulemera konse kumagawika pa maekiselo ambiri. Ekiselo ndi chitsulo cholumikiza wilo la kumanja ndi la kumanzere, ndipo kulemera kogwera pa ekiselo imodzi ndiko kumene njanji ndi milatho zimamva. Kuwonjezera apo, Garratt imayenda bwino chamtsogolo ndi chambuyo momwe, moti sifunika kuitembenuza ikafika kumathero a ulendo.

Zovuta zake zinalipo. Madzi ndi malasha zikamatha, kulemera kopanikiza mawilo kumachepa, ndipo injini imayamba kuterereka pachitunda, nthawi imene mukuifunitsitsa. Mapaipi a nthunzi ankafunika mfundo zopindika, zomwe zimadontha zikapanda kusamalidwa. M'njira zoboola phiri utsi unkatsamwitsa dalaivala ndi wosonkheza moto, n'chifukwa chake ku South Africa nthawi zambiri ankaiyendetsa chumuni chili kumbuyo.

Garratt yoyamba, yotchedwa K1, inapangidwa mu 1909 kupita ku Tasmania, pa kanjanji kakang'ono ka North East Dundas Tramway. Garratt mwiniwake anamwalira mu 1913, asanaone kumene nzeru yake idzafike. Zonse pamodzi zinapangidwa zoposa 1,600, ndipo zoposa 1,000 zinatuluka ku Beyer, Peacock.

Manambala aja amatanthauza chiyani?

Mukaona 4-8-2+2-8-4 musachite mantha, ndi kuwerenga mawilo chabe. Nambala yoyamba ndi timawilo totsogolera, yachiwiri ndi mawilo akuluakulu okankhidwa ndi mapisitoni, yachitatu ndi timawilo tothandiza kusenza. Chizindikiro chophatikiza chikuimira boyila yolendewera ija, ndipo chimango chachiwiri chimawerengedwa chobwerera chifukwa chinatembenukira kumbuyo. Choncho 4-8-2+2-8-4 ili ndi mawilo okoka 16, pomwe 2-6-2+2-6-2 ili nawo 12.

Kalasi ndi gulu la injini zopangidwa pa pulani imodzi, ndipo kampani iliyonse inali ndi katchulidwe kake. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. GMAM ya ku South Africa, kalasi 20 ya ku Rhodesia ndi kalasi 59 ya ku Kenya zonse ndi 4-8-2+2-8-4, koma ndi injini zitatu zosiyana maonekedwe, kulemera, ngakhale chimene zinkawotcha. Kufanana manambala a mawilo sikupatsa munthu chilolezo chopenta ina kuti ikhale inzake.

Chifukwa chiyani zinachuluka mu Africa?

Njanji zambiri za nthawi ya atsamunda zinamangidwa mothamanga ndi mopanikiza ndalama. Zitsulo zinali zopepuka, milatho yosalimba kwenikweni, ndipo m'malo moboola phiri ankalizungulira, ndiye makona anachuluka. Geji, kutanthauza mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji, inalinso yopapatiza. Kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi njanji zikuluzikulu za Mozambique, geji ndi mamilimita 1,067. Njanji yakale ya Kenya ndi Uganda ndi ya mita imodzi. Ku Britain ndi ku America ndi mamilimita 1,435.

Kenaka katundu anachuluka: kopa wa ku Copperbelt, malasha a ku Wankie, chimanga, fodya. Njanji inali imodzi, sitima zikupatukirana pa masiteshoni, moti kuchulutsa sitima kunali ndi malire. Njira zinalipo ziwiri: kumanganso njanji yonse, kapena kupeza injini imodzi yokoka katundu wa injini ziwiri popanda kuphwanya milatho. Garratt inali yankho lachiwirilo, ndipo inkafuna dalaivala mmodzi ndi wosonkheza moto mmodzi.

South Africa: zazikulu ndi zazing'ono zomwe

South African Railways ndi imene inali ndi ma Garratt ambiri kuposa kampani ina iliyonse, oposa 400. Makalasi ake a pa njanji zikuluzikulu amayamba ndi G. Kalasi GL, injini 8 za mu 1929 ndi 1930, inapangidwira zitunda za pakati pa Durban ndi Cato Ridge ku Natal. Yodziwika kwambiri ndi GMA ndi GMAM, injini 120 zimene zinafika pakati pa 1954 ndi 1958 kuchokera ku Henschel ya ku Germany, Beyer, Peacock ndi North British ya ku Glasgow. Palibe kalasi ina ya Garratt imene inachuluka chotero.

Pa GMAM pali kanthu kamene womanga timasitima sayenera kuiwala. Pofuna kuchepetsa kulemera pa ekiselo, anaipatsa thanki ya madzi yaing'ono, ndipo madzi ambiri ankayenda m'bogi yathanki yokokedwa ndi injiniyo. GMAM yokoka mabogi pa ulendo wautali popanda thanki imeneyi, kwa woidziwa, imaoneka yosavala bwino. Kusiyana kwa GMA ndi GMAM nakonso n'kobisika: injini ndi yomweyo, koma mu GMA ankaikamo zitsulo zotchinga kuti izinyamula malasha ndi madzi ochepa poyenda pa njanji zopepuka.

Dzikoli linalinso ndi tinjanji ta mamilimita 610, monga ka Port Elizabeth kupita ku Avontuur ndi ka Port Shepstone kupita ku Harding. Kumeneko kunkayenda kalasi NGG16 ya 2-6-2+2-6-2, injini 34 zopangidwa kuyambira 1937 mpaka 1968. Zomaliza 8 zinamangidwa ku South Africa konko ndi Hunslet-Taylor, ndipo ndizo zinatseka mzere wa ma Garratt opangidwira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Lero ma NGG16 angapo amakoka alendo pa Welsh Highland Railway ku Wales, atapakidwa utoto wowala. Amene akufanizira Wales ya lero akhoza kupenta choncho. Amene akufanizira South African Railways ya m'ma 1960 utoto wake ndi wakuda.

Rhodesia, Zambia ndi Zimbabwe: injini imodzi, mayina angapo

Apa ndi pamene nkhani imakoma, komanso pamene chaka chimakhala chofunika kuposa chilichonse. Rhodesia Railways inali ndi ma Garratt pafupifupi 250, ndipo njanji yake inkadutsa maiko atatu: Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), Northern Rhodesia (Zambia) ndi Bechuanaland (Botswana), mpaka kukafika ku Mafeking ku South Africa. Makolo athu ambiri amene anapita kukagwira ntchito ku Wankie, ku Bulawayo ndi ku migodi ya kopa anakwerapo sitima zokokedwa ndi injini zimenezi.

Kalasi 15, ya 4-6-4+4-6-4, inali yothamanga, yoyenera sitima za anthu ndi za katundu zomwe. Zinapangidwa 74 pakati pa 1940 ndi 1952, ndipo zimazindikirika ndi thanki yakutsogolo yopindika bwino m'malo mwa ya makona anayi. Kalasi 20, ya 4-8-2+2-8-4, inali ya katundu wolemera: injini 61 za pakati pa 1954 ndi 1958, zokhala ndi makina oponyera malasha m'ng'anjo chifukwa fosholo ya munthu mmodzi sikadakwanitsa. Panalinso makalasi 14 ndi 14A a 2-6-2+2-6-2 a njanji za nthambi, ndi 16 ndi 16A a 2-8-2+2-8-2.

Mu 1967 kampaniyi inagawidwa pawiri ndipo kumpoto kwa Zambezi kunabadwa Zambia Railways, yomwe inatenga gawo lake la injini, kuphatikizapo zambiri za kalasi 20. Zambia sinachedwe kusinthira ku dizilo. Kummwera zinayenda mwina. Mafuta ankadula ndipo ankafuna ndalama zakunja, pomwe malasha anali pakhomo, ndiye chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980 ma Garratt 87 anakonzedwanso. Anawaika maberingi atsopano, ndipo ambiri a makalasi 15 ndi 20 anapatsidwa mayina a Chindebele. Kuyambira 1980 kampaniyo ndi National Railways of Zimbabwe. Choncho kainjini ka kalasi 15 kokhala ndi dzina la Chindebele m'mbali sikangakoke mabogi pa chithunzi cha 1955, ndipo kalasi 20 yolembedwa Zambia Railways singaime pa siteshoni ya 1960.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kuti "wogula" ndi "woyendetsa" si munthu mmodzi ndi cha injini 10 za 4-6-4+4-6-4 zimene Beyer, Peacock inapangira Sudan Railways mu 1936 ndi 1937. Mu 1949 zinagulitsidwa ku Rhodesia, kumene zinatchedwa kalasi 17. Mu 1964 zinagulitsidwanso ku Mozambique. Chitsulo chomwecho, maiko atatu, manambala atatu. Zinatheka chifukwa geji ya maiko onsewa ndi imodzi. Mofananamo, ma GMAM a South Africa anabwerekedwapo ku Zimbabwe ndi ku Mozambique cha m'ma 1980, moti chithunzi cha GMAM ku Bulawayo si bodza ayi, bola chikhale cha zaka zimenezo. Ma Garratt ena atapuma ku njanji ya boma anakagwira ntchito ku mgodi wa malasha wa Hwange (Wankie yakale) ndi ku mgodi wa Selebi-Phikwe ku Botswana.

Mozambique, Angola ndi Malawi

Ku Mozambique ma Garratt ankadziwika kwambiri pa njanji ya Beira yokwera mapiri kupita kumalire a Rhodesia, ndipo Gondola ndi kumene kunali khola lawo lalikulu. Ku Angola, njanji ya Benguela yochokera ku Lobito inali ndi ma 4-8-2+2-8-4 amene ankawotcha nkhuni za bulugamu, ndipo kampaniyo inabzala nkhalango zake m'mbali mwa njanji. Womanga kainjini ka Benguela ka nthawi imeneyo ayenera kuunjika timitengo pamwamba, osati malasha.

Nanga kwathu? Trans-Zambezia Railway, njanji ya m'dziko la Mozambique imene inatsegulidwa mu 1922 kulumikiza Nyasaland ndi doko la Beira, inagulako ma Garratt ochepa kwambiri a 2-6-2+2-6-2. Koma ntchito ya Nyasaland Railways, kuchokera ku Port Herald (Nsanje ya lero) kudzera ku Limbe ndi Blantyre mpaka ku Salima, inkagwiridwa makamaka ndi injini wamba za 4-8-0 ndi 2-8-2 zokoka ngolo ya malasha kumbuyo. Ndiye mukaona chimphona cha mawilo okoka 16 chitalembedwa kuti chili pa Limbe, yambani mwakayikira.

Kenya, Uganda ndi Tanganyika

East African Railways inali ndi kalasi 59, injini 34 zimene zinayamba kufika mu 1955, iliyonse yolemera matani oposa 250. Pa njanji ya mita imodzi sipanayendepo injini yanthunzi yaikulu kuposa iyi. Zinkakwera kuchokera ku Mombasa kugombe mpaka ku Nairobi, zinkawotcha mafuta osati malasha, zinali zofiira moderako, ndipo zinkatchedwa mayina a mapiri. Nambala 5918 inali Mount Gelai. Cholakwika chofala pano n'kuika mulu wa malasha pamalo pamene payenera kukhala thanki ya mafuta.

Kunja kwa Africa, ndi kumene sizinapondeko

Ku Australia, New South Wales inali ndi kalasi AD60 ya 4-8-4+4-8-4, injini 42 kuyambira 1952, pa geji ya mamilimita 1,435. Ku India zinayenda pa Bengal Nagpur Railway, ndipo kamodzi kanapita ku njanji yamapiri ya Darjeeling. Ku Spain ndi ku Algeria kunali zina zokoka sitima za anthu zothamanga. Ku New Zealand anagula zitatu mu 1928, sizinawayendere, ndipo anaziphwasula n'kupangamo injini wamba zisanu ndi imodzi. Soviet Union inagula imodzi yokha mu 1932.

Ku Britain kwawo kwenikweni sizinachuluke. London, Midland and Scottish Railway (LMS) inali nazo 33 za 2-6-0+0-6-2, zokoka malasha kuchokera ku Toton kupita ku Brent mumzinda wa London. London and North Eastern Railway inali ndi imodzi ya mu 1925, yokankha sitima pa chitunda cha Worsborough.

Njanji za United States ndi Canada sizinagule Garratt. Kumeneko zitsulo zinali zolemera ndipo malo anali otakasuka, moti anakonda mapangidwe ochokera kwa Anatole Mallet: boyila imodzi yaitali yogona pamwamba pa magulu awiri a mawilo, gulu lakutsogolo lokha ndilo lokhota, ndi ngolo ya malasha kumbuyo. Big Boy ya Union Pacific, ya 4-8-8-4, ndi ya mtundu umenewo. Taonani kuti m'manambala ake mulibe chizindikiro chophatikiza. Njira yachidule yosiyanitsira pachithunzi ndi kusuzumira pansi pa boyila: mukaona kuwala kukudutsa, imeneyo ndi Garratt.

Sikelo ndi geji pathebulo

Sikelo ndi kuchepa kwa kasitima poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Sikelo yotchedwa HO ndi 1:87, kutanthauza kuti mamilimita 87 a sitima yeniyeni ndi milimita imodzi pa kasitima. OO ya ku Britain ndi 1:76. Zonse ziwiri zimayenda pa kanjanji ka mamilimita 16.5, ndipo kanjanji kameneka ndiko kamapezeka mosavuta m'masitolo.

Gawani 1,435 ndi 87, mupeza 16.5. Ndiye AD60 ya ku Australia, yomwe kampani ya Eureka Models inatulutsa mu HO, imakhala bwinobwino pa kanjanji wamba. Garratt ya LMS inapangidwa mu OO ndi Heljan. Koma gawani 1,067 ndi 87, mupeza pafupifupi 12.3. Kalasi 15 kapena GMAM ya HO imayenera kuyenda pa kanjanji ka mamilimita 12, komwenso ndi koyandikira kwa kalasi 59 ya ku Kenya.

Omanga timasitima ta kummwera kwa Africa amagawikana pamenepa. Ena amasunga HO pa kanjanji ka 16.5, kuvomereza kuti mawilo atangadza kuposa zenizeni, chifukwa mawilo, mamota ndi njanji zake n'zosavuta kupeza. Ena amasamukira ku kanjanji ka mamilimita 12 kuti injini ioneke yonenepa pa njanji yopapatiza, monga zinkaonekeradi. Enanso amakweza sikelo kufika 1:64, pomwe 1,067 imasanduka 16.7, yoyandikira kwambiri kanjanji wamba, koma pamenepo pafupifupi chilichonse chimafuna kuchipanga wekha. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, wa ndalama kapena wa nthawi.

Za NGG16 n'zosavutirapo. Pabwalo, sikelo ya 1:19 pa kanjanji ka mamilimita 32 imagwirizana ndendende ndi mamilimita 610, ndipo Accucraft inapanga NGG16 yoyendera nthunzi yeniyeni pa sikelo imeneyi. M'nyumba ambiri amagwiritsa 1:76 pa kanjanji ka mamilimita 9, kotakata pang'ono kuposa zenizeni.

Malo nawonso awerengedwe musanagule. Kalasi 59 ndi yotalika kuposa mamita 30, ndiye mu HO ndi pafupifupi masentimita 36 injini yokha, mabogi osawerengera. Pokhota, boyila imalowera mkati mwa kona pomwe mathanki amatulukira kunja, choncho nsanamira, mapulatifomu ndi njanji yoyandikana nayo ziyenera kutalikirako.

Kodi ndi mlandu kusakaniza?

Pali omanga amene amatsata mbiri mpaka nambala ya injini ndi mwezi wake. Palinso ena amene amapeka kampani yawoyawo ya njanji n'kuyendetsa chilichonse chowasangalatsa, ngakhale Garratt m'chipululu cha Arizona. Magulu onsewa ndi akale m'ntchitoyi ndipo onse ali ndi akatswiri awo. Kusiyana kumabwera polemba dzina la kampani yeniyeni pambali pa kainjini, chifukwa pamenepo woonera amayamba kukhulupirira kuti zinalidi choncho.

Kwa wofuna kutsata mbiri, chida chodalirika ndi chithunzi chokhala ndi chaka ndi malo, chooneka nambala ya injini. Nambalayo imakuuzani kalasi, kalasi imakuuzani amene anaipanga ndi chaka, ndipo mabogi akumbuyo amakuuzani ngati inali ya anthu, ya malasha kapena ya kopa. Amene angathe kuyenda akhoza kukaziona ndi maso ku nyumba zosungira zakale za njanji ku Bulawayo ndi ku Nairobi, komanso ku Outeniqua Transport Museum mumzinda wa George ku South Africa, atatenga tepi yoyezera.